Funsani Tikuyankheni: Ditekita Ikamalira Paliponse m'Dothi la Katondo

FUNSO

Akonzi, ndine mlimi wa ku Mitundu kuno ku Lilongwe. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira makina ofufuzira zitsulo pansi, aja ena amawatchula kuti ditekita, chifukwa pamene pali munda wathu panali mudzi wakale, ndipo polima timatola ndalama zobowola zija za nthawi ya atsamunda. Ndikamayesa makinawa m'nyumba amamva ndalama yachitsulo ili patali ndithu, koma ndikangofika nawo kumunda, kumene dothi lake ndi la katondo, amalira paliponse. Ndikakumba sindipezapo kanthu, ndipo ndalama yomwe ija ndikaikwirira pang'ono chabe saimvanso. Kodi makinawa ndi owonongeka, kapena alamu angawo anawagulitsa achinyengo? Ndiwauze agule ena okwera mtengo?

Wowerenga wa ku Mitundu

YANKHO

Bambo, musafulumire kuwadandaulira alamu anu, chifukwa makina amene akumva ndalama m'nyumba ndi amoyo. Chimene akulirira kumundako si chitsulo chobisika ayi, koma dothi lenilenilo, ndipo vuto lotereli limagwera ngakhale makina odula kwambiri akafika pa nthaka ngati yathu ino.

Mbale ija imene mumaiyendetsa pamwamba pa nthaka, imene amati koyilo, ili ndi mawaya awiri okulungidwa mkati mwake. Waya woyamba amatulutsa mphamvu ya maginito imene imasinthasintha mbali mofulumira, ndipo pa makina ambiri a mtundu wa VLF, amene ndi ofala m'masitolo, kusinthaku kumachitika pakati pa 5 kHz ndi 20 kHz, kutanthauza maulendo 5,000 mpaka 20,000 pa sekondi imodzi. Mphamvuyi ikafika pa chitsulo imadzutsa timagetsi tozungulira mkati mwa chitsulocho, timagetsito timabweza mphamvu yakeyake, ndipo waya wachiwiri akaimva ndi pamene makina amalira. Tsono makinawo sadziwa kuti inu mukufuna ndalama. Chilichonse chimene chasokoneza mphamvu ya maginito ija amachinena.

Dothi lofiira la m'dera la Lilongwe linachokera ku miyala yakale kwambiri imene yakhala ikufumbutuka kwa nthawi yaitali pansi pa mvula ndi kutentha. Mvula inakokolola zambiri zimene zimasungunuka msanga, ndipo chimene chinatsalira chochuluka ndi dongo pamodzi ndi dzimbiri la chitsulo. Dzimbirili lili ndi mitundu ingapo, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kuli nkhani yonse. Mtundu umene umafiiritsa dothi ndi hematite, umene umalipatsa maonekedwe achikasu ndi goethite, ndipo mitundu iwiriyi simva maginito kwenikweni. Imene imavutitsa ditekita ndi magnetite, mchenga wakuda wonyezimira uja mumauona m'ngalande mvula ikakata, ndi maghemite, imene kawirikawiri imakhala timbewu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Iwiri yomalizayi imamva maginito kuposa hematite maulendo mazanamazana, kotero kuti ngakhale itakhala yochepa m'dothi imakwanira kusokoneza makina. N'chifukwa chake kufiira kokha sikungakuuzeni kuti dothi ndi lovuta bwanji: minda iwiri ikhoza kufanana maonekedwe, koma pa wina makina n'kumagwira ntchito mwakachetechete pamene pa winawo akungobwebweta. Njira yapafupi yodziwira ndi kutenga maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, kuwaika m'kajumbo, ndi kuwayendetsa m'dothi louma limene mwalipera. Akatuluka atamera ndevu zakuda, dziwani kuti munda wanu uli m'gulu lovutalo.

Palinso china chimene chikukhudza malo anu makamaka. Moto ukatentha dothi limene lili ndi zinyalala, mbali ina ya dzimbiri lofooka lija imasanduka maghemite. Choncho kutentha mapesi chaka ndi chaka, moto wa osaka mbewa, malo ootchera makala ndi mauvuni a njerwa, zonsezi zimasiya dothi lapamwamba likumva maginito kuposa lapansi pake. Pa bwinja la mudzi zimanyanya, popeza pamakhala mafuwa akale, mapale a miphika yootcha, makala, ndipo pena zotsalira za ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo chitsulo, monga zimene zikuonekabe ku Kasungu. Chilichonse mwa izi chimaliritsa makina, ndipo mukakumba mumangoona dothi ndi timiyala, n'kumaganiza kuti makina anama pamene anena zoona.

Za kuchepa kwa kuya, chifukwa chake n'chakuti kanthu kakang'ono kakatalikira kawiri kuchokera pa koyilo, mphamvu imene kamabweza sichepa kawiri ayi, koma ikhoza kuchepa mpaka maulendo 64, pamene dothi lili pomwepo pansi pa koyilo ndipo ladzaza malo onse amene koyiloyo imafikako. Zili ngati kumvetsera munthu wonong'ona muli m'chigayo chimene chikugaya: mawu akewo alipo ndithu, koma phokoso lawakwirira. Pa dothi lofatsa, makina wamba amamva ndalama yachitsulo pa kuya kofanana ndi kukula kwa koyilo yake, mwina masentimita 20 kapena 25, koma pa katondo wovuta kuyaku kukhoza kutsika kufika pa theka, ndipo palibe batani limene lingabweze zonse zimene dothi lalanda. Manambala amene amalembedwa pa katoni kawirikawiri amachokera ku mayeso a m'mwamba, monga anu a m'nyumba aja, kapena a chitsulo chachikulu ngati mgolo.

Musanakhudze batani lililonse, yambani mwatsimikiza kuti phokosolo likuchokeradi pansi. Imani pamalo amodzi, kwezani koyilo kufika m'chiuno, ndipo muigwire osaigwedeza. Makina akapitiriza kulira, ndiye kuti akumva magetsi ochokera kwina, monga mawaya a ESCOM, thiransifoma, mpanda wamagetsi kapena foni imene ili m'thumba mwanu, ndipo mankhwala ake ndi kutalikira, kuzimitsa foniyo, kapena kugwiritsa ntchito batani la Noise Cancel ngati lilipo. Akakhala chete m'mwamba koma n'kuyamba kulira mukamatsitsa koyilo, wolakwa ndi dothi.

Polimbana ndi dothi, chida chachikulu ndi chimene pa makina chimalembedwa kuti Ground Balance, ndipo ntchito yake ndi kuphunzitsa makinawo mawu a dothi la pamalopo kuti aziwanyalanyaza. Pezani malo amene mulibe chitsulo, kenaka muzikweza ndi kutsitsa koyilo molunjika, kuchokera pa masentimita pafupifupi 15 kufika pa masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa nthaka, osaigunditsa pansi. Pa makina odzichitira okha mumagwira batanilo uku mukukweza ndi kutsitsa mpaka atakhala bata, pamene pa makina osintha ndi dzanja mumapotokola pang'onopang'ono mpaka mawu asamasinthe koyilo ikamatsika kapena kukwera. Anthu ambiri amachita zimenezi kamodzi m'mawa n'kuiwala, komatu dothi la m'munda umodzi si limodzi: pachulu, pamene panali phulusa, ndi chakumunsi kolowera kudambo n'kosiyanasiyana, ndipo paliponse pamene makina ayambiranso kubwebweta muyenera kubwereza. Makina ena ali ndi Tracking, imene imatsata kusintha kwa dothi mukamayenda, ndipo pa munda wosinthasintha ngati wanu ndi yothandiza. Chenjezo lake n'lakuti mukamabwerezabwereza pamwamba pa kanthu komveka motsika, makina akhoza kukayesa dothi n'kukafafaniza. Nambala imene imaoneka mukamaliza Ground Balance imanena mtundu wa dothi, osati kuchuluka kwa vuto, choncho musachite nayo mantha ikakhala yaikulu.

Chachiwiri ndi batani la Sensitivity, ndipo apa ndi pamene ife tikukayikira kuti pagona theka la mavuto anu, chifukwa pafupifupi munthu aliyense watsopano amalikweza mpaka kumapeto poganiza kuti akatero afika pansi kwambiri. Kukweza batanili kumakulitsa mawu a dothi pamodzi ndi a ndalama. Yambani pakati, muzikweza pang'ono mpaka makina ayambe kulira opanda chifukwa, kenaka mubwerere m'mbuyo gawo limodzi kapena awiri. Makina abata amene akufika masentimita 12 amatulutsa zambiri kuposa aphokoso amene mwina akufika masentimita 15, popeza pa aphokosowo simungathe kusiyanitsa mawu enieni ndi abodza.

Samalaninso ndi Discrimination, imene imaletsa makina kulirira misomali ndi zidutswa za makasu. M'dothi lomva maginito, ndalama ya mkuwa kapena ya siliva ikakhala pansi ndithu, mawu ake amasakanikirana ndi a dothi ndipo makina amaiwerenga ngati chitsulo wamba, kotero kuti mukawauza kuti akane chitsulo chonse amakananso ndalama imene mukuifunayo. N'kutheka kuti ndi zimene zinachitika ndi ndalama imene munakwirira ija. Tsitsani Discrimination momwe mungathere, ndipo khulupirirani kwambiri khutu lanu kuposa nambala ya pagalasi: chitsulo chenicheni chimalira mwachidule pamalo amodzimodzi, mukayendetsa koyilo kuchokera kumanzere, kumanja, ngakhale mutatembenuka n'kudzera mbali ina, pamene dothi limalira motambalala ndi mosakhazikika. Mwala womva maginito nthawi zina umayamba wadula mawu kenaka n'kulira koyilo itadutsa kale, ndipo mukauchotsa ndi phazi phokoso limapita nawo.

Mabuku a makinawa satchula za mizere, chifukwa analembedwera anthu ofufuza m'mapaki ndi m'minda yosalala, koma kwa ife ndi nkhani yaikulu. Mukayendetsa koyilo modutsa mizere, imayandikira dothi pamwamba pa mzere n'kutalikira ikafika mu ngalande, ndipo pa dothi lovuta kusintha kwa mpata kotereku n'kokwanira kuliritsa makina. Yendetsani koyilo motsata mzere, pang'onopang'ono, pa msinkhu umodzi, osaitukula kumapeto kwa dzanja. Ndipo ngati n'kotheka fufuzani pamene mwasalaza musanaunde mizere yatsopano. Muzitsukanso chivundikiro cha pansi pa koyilo, popeza katondo akalowamo amayenda nanu paliponse ndipo makina amalira ngakhale pa mchenga.

Kuti mudziwe malire enieni a makina anu, kumbani dzenje la khoma lolunjika pamalo opanda zitsulo, ndipo mulowetse ndalama cham'mbali m'khomamo pa kuya kwa masentimita 5, 10, 15 ndi 20, n'kumayesa kuchokera pamwamba. Njirayi imaposa kukwirira chabe chifukwa dothi la pamwamba pa ndalamayo limakhala losasokonezedwa. Muyesere ndalama zakale zimene munatolazo, chifukwa ndalama zina za masiku ano zimakokedwa ndi maginito ndipo makina amaziwerenga ngati misomali.

Tsopano za kugula ena. Ngati makina anu ali ndi Ground Balance, musagule ena musanachite zonsezi. Ngati mufuna kuwonjezera kanthu, yambani ndi koyilo: yaing'ono imamva dothi lochepa kusiyana ndi yaikulu, ndipo ya mtundu wa DD, imene mawaya ake amapanga zilembo ziwiri za D zopatsana msana, imapirira dothi lovuta kuposa ya mawaya ozungulira lina mkati mwa linzake. Koma ngati makinawo alibiretu Ground Balance, ndiye kuti anawachunira kufakitale pa dothi lofatsa, ndipo chimene mungachite ndi kutsitsa Sensitivity ndi kukweza koyilo pang'ono basi. Pamenepo pokha ndi pamene tingavomereze kuti muwavutitsenso alamu anu, ndipo muwauze kuti chofunika si mtengo koma Ground Balance yosinthika ndi koyilo ya DD. Makina otumiza mafunde angapo nthawi imodzi, kutanthauza mphamvu ya ma kHz osiyanasiyana pamodzi, monga Equinox ya Minelab, Legend ya Nokta kapena Deus II ya XP, amawerenga bwinoko pa dothi lotere, ngakhale nawonso amataya kuya.

Popeza pamalopo panali mudzi, kumbukirani kuti zinthu zamakedzana zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990. Mukapeza mikanda, zibangili, zida zakale kapena mafupa, lekani kukumba, dziwitsani amfumu ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, ndipo kumanda kokha musayerekeze kupita nawo makinawo.

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wa ku Area 49, ndipo puloti yanga ili kumunsi chakudambo, kumene dothi lake ndi lakuda, la makande. Mabikoni a m'malire anakwiririka, komanso ndikufuna kudziwa pamene panadutsa paipi yakale ya madzi ndisanamange mpanda. Mnyamata wina wa ditekita anabwera m'mwezi wa September n'kupeza bikoni imodzi mosavuta, koma atabweranso mu February makina omwewo ankangolira ndipo sanapeze kanthu. Kodi ankandinamiza kuti ndimulipire kawiri?

Wowerenga wa ku Area 49

YANKHO

Mayi, za mumtima mwa mnyamatayo sitingamuyankhire, koma zimene mwaonazo zili ndi chifukwa chake chomveka. Vuto la makande si lofanana ndi la katondo. Dothi lakudali kawirikawiri silimva maginito kwambiri, koma limasunga madzi ndi mchere wosungunuka, ndipo likanyowa limayamba kudutsitsa magetsi, zimene zimachititsa makina kuliona ngati chitsulo chachikulu chofooka chimene chayalidwa paliponse. Ngati pamalopo pankalimidwa ndi feteleza, kapena pamayenda madzi a ku bafa ndi ochapira, mcherewo umachuluka. Choipa china n'chakuti kumalo kumene katondo wa kumtunda amakokolokera kudambo, mitundu iwiri ya vutoli imakumana, ndipo makina otumiza funde limodzi sangathe kufafaniza zonse ziwiri nthawi imodzi: akachunidwa kuti anyalanyaze dzimbiri amamva mchere, akachunidwa kuti anyalanyaze mchere amamva dzimbiri. Mu September dothi linali louma, choncho vuto linali limodzi kapena panalibe. Mu February mvula ili pakati, zonse zinadzuka.

Ngati mpandawo ungadikire, muitaneni pakati pa May ndi July, pamene madzi atsika koma nthaka isanaume gwa ndi kung'ambika, popeza ming'alu ikuluikulu ya makande m'chilimwe imasokonezanso makina ndipo kukumba kumakhala kowawa. Musanamuitane, chotsani zidutswa za njerwa zootcha, malata, mawaya ndi zitsekerero za mabotolo m'mbali mwa malire, chifukwa m'tauni zinyalala zotere zimavutitsa kuposa dothi. Muuzeninso azimitse Discrimination, popeza chimene chili pakati pa bikoni ndi chitsulo wamba, chomwe chija makina amaphunzitsidwa kukana. Anthu oyeza malo ali ndi chida china chooneka ngati ndodo, chimene amati magnetic locator, chimene sichitumiza mphamvu pansi koma chimangomva mmene chitsulo chasokonezera maginito a dziko lapansi. Chidachi sichivutika ndi kunyowa kwa dothi, sichimva aluminiyamu kapena mkuwa, ndipo pa chitsulo choimirira ngati cha bikoni chimafika pansi kuposa ditekita wamba.

Za paipi, ngati ndi yachitsulo idzamveka ngati mzere wautali wopitirira, koma ngati ndi yapulasitiki palibe ditekita imene ingaimve, kupatula mwina pa zolumikizira zachitsulo, ndipo pamenepo ndi bwino kufunsa a Lilongwe Water Board musanakumbe maziko. Dziwaninso kuti chitsulo chimene ditekita yapeza si umboni wa malire mukasemphana ndi oyandikana nawo. Wotsimikiza kuti bikoni ili pamalo ake ndi woyeza malo wovomerezeka, ndipo malamulo salola munthu kuizula kapena kuisuntha yekha.

FUNSO

Akonzi, ndife achinyamata a ku Nathenje ndipo tili ndi gulu la banki m'khonde. Kwathu kuno anthu amasefa golide m'mitsinje, ndiye tikufuna kusonkha ndalama tigule ditekita kuti tizimupeza msanga. Pa Facebook taona makina amene akuti amaona golide mamita 10 pansi, ndipo ena akuti amaloza kumene ali munthu ali patali. Dothi lathu ndi lofiira ndipo m'mitsinje muli mchenga wakuda wambiri. Tigule ati?

Owerenga a ku Nathenje

YANKHO

Abale athu a ku Nathenje, ndalama za gulu zimapweteka anthu ambiri zikatayika, choncho tikuyankhani mosabisa. Funso loyamba si lakuti mugule makina ati, koma lakuti golide wa kwanuko ndi wamkulu bwanji. Ditekita imamva chidutswa chimodzi pachokha, siwonkhetsa fumbi. Golide amene anthu amasefa m'beseni, kaya ku Nathenje, ku Lisungwe kapena ku Makanjira ku Mangochi, kawirikawiri amakhala fumbi ndi timapepe topyapyala, ndipo golide wotere ngakhale atachuluka mu mchenga makina sangamumve. Ngati mwa amene amasefa kwanuko palibe amene anatolapo chidutswa chofika ngati kambewu ka mpunga, beseni ndi bokosi lotsukira mchenga zidzakupatsani zambiri kuposa makina alionse. Mchenga wakuda umene mwatchulawo ndi chizindikiro chabwino kwa wosefa, chifukwa umalemera ndipo umakhazikika malo amodzi ndi golide, koma kwa ditekita ndi mdani, popeza wambiri mwa iwo ndi magnetite.

Ngati zidutswa zimapezekadi, makina ake alipo a mitundu iwiri. Pali a VLF opangidwira golide, amene amagunda mofulumira kwambiri, monga Gold Monster 1000 ya Minelab pa 45 kHz ndi Gold Bug 2 ya Fisher pa 71 kHz. Amenewa amamva tizidutswa tating'ono zedi, koma pa kuya kwa masentimita owerengeka chabe, ndipo kufulumira komweko kumene kumawathandiza kumva golide wamng'ono kumawachititsanso kumva dothi ndi miyala kwambiri. Mtundu wachiwiri ndi wa PI, umene umaponya mphamvu kamodzi, n'kuzimitsa, n'kumvetsera patapita kanthawi kochepetsetsa, pamene mawu ambiri a dothi azilala koma a chitsulo akadalipo. Makina otere ndi amene amapirira dothi lovuta kuposa ena onse, ndipo anatchuka m'minda ya golide ya ku Australia, kumene dothi lake lofiira ndi lovuta kwambiri, kuyambira pamene kampani ya Minelab ya ku Adelaide inatulutsa SD 2000 mu 1995. Zoipa zake n'zakuti ndi olemera, mtengo wake ndi wa madola masauzande, sasiyanitsa bwino golide ndi msomali kotero kuti mumakumba pafupifupi chilichonse, ndipo dothi lodzaza maghemite limawaliritsabe ngati sanachunidwe bwino. Ofukula mabomba okwirira ku Mozambique, Angola ndi Cambodia anakumana ndi vuto lomweli pa dothi lofiira, ngakhale ankagwiritsa ntchito makina opangidwira ntchito ya imfa ndi moyo.

M'boma la Lilongwe muli chinanso choyenera kuchidziwa. Miyala ya m'madera ena, monga ku Malingunde ndi ku Kasiya, ili ndi graphite, mwala wakuda uja wa m'mapensulo, ndipo graphite amadutsitsa magetsi, kotero kuti mwala umene uli naye wochuluka ukhoza kulira bwino ngati chitsulo chamtengo. Pamene rutile wa ku Kasiya, mchenga wotulutsa chitsulo cha titanium, ngakhale ali wamtengo, ditekita simumva, monganso simva miyala yonyezimira ya ku Mzimba kapena ya ku Chimwadzulu ku Ntcheu.

Za mamita 10, taganizirani izi. Chidutswa chotchuka cha golide chotchedwa Hand of Faith, chimene Kevin Hillier anachipeza ndi ditekita mu 1980 pafupi ndi Kingower m'chigawo cha Victoria ku Australia, chinali cholemera makilogalamu 27, koma chinali pa kuya kwa masentimita pafupifupi 30 okha. Makina abwino kwambiri a PI amafika mwina mita imodzi pa chidutswa chachikulu ndithu, ndipo pa tizidutswa wamba amathera pa masentimita. Makina okhala ndi tinyanga timene amati timaloza golide ali patali sanaonetsepo kuti amagwira ntchito akayesedwa moyenera. James McCormick wa ku Britain, amene ankagulitsa chida cha mtundu womwewo chotchedwa ADE 651 ponena kuti chimaloza mabomba, anapezeka wolakwa pa mlandu wachinyengo mu 2013 ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 10. Palinso makina abodza ambiri ovekedwa mayina a makampani odziwika, makamaka otengera mtundu wa GPX wa Minelab, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi mtengo wotsika modabwitsa.

Musanatulutse ndalama m'bokosi la gulu, pitani ku ofesi zoona za migodi mukafunse zimene zikudziwika za dera lanu, popeza nthambi ya Geological Survey, imene likulu lake lili ku Zomba, imasunga mapu a miyala pamodzi ndi zotsatira za kafukufuku wa pandege wa Kauniuni zimene zinatulutsidwa mu 2015. Mukafunsenso za chilolezo, chifukwa pansi pa lamulo la Mines and Minerals Act la 2023 chuma cha pansi pa nthaka ndi cha dziko ngakhale munda uli wanu, ndipo kufufuza kapena kukumba golide kumafuna chiphaso. Msika wovomerezeka ulipo, popeza Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku Export Development Fund. Zikakhala kuti zonsezi zalongosoka ndipo mukufunabe makina, bwerekani kapena chitani hayala kaye, ndipo wogulitsa aliyense mumuuze abwere nawo ku Nathenje konko. Mulowetse kachidutswa ka golide wa kwanuko, kapena ka mtovu kofanana kukula kwake, m'khoma la dzenje monga tawafotokozera bambo a ku Mitundu, pamalo amene wogulitsayo sakuwadziwa, ndipo mulipire pokhapokha makinawo akakapeza pa kuya kumene inu mungapindule nako.